Kodi Ngongole Iliyonse Njoyenera Kubwezedwa?

Palibe mwana woleredwa bwino amene sadamvepo kwa makolo ake kuti chobwereka chimabwezedwa. Ukabwereka khasu kwa mnansi umalibweza dzuwa lisanalowe, ndipo ukakongola lichero la ufa m'mwezi wa njala umakumbukira pokolola. Munthu wokana ngongole timamuyesa mphwake wa mbala, pakuti onse awiri amadya thukuta la mwini. Mwambo umenewu ngwabwino, ndipo popanda iwo mudzi sungakhale mudzi, chifukwa palibe amene angatulutse chake kuti athandize mnzake. Komabe pali funso limene mwambowu suliyankha msanga. Kodi munthu akathawa ngongole imene idakonzedwa dala kuti isadzathe, walakwa? Funsoli tilifufuza poyamba m'dziko lopeka, popeza nthano imatha kukuza chinthu kuti chioneke bwino, monga limachitira galasi la wokonza mawotchi.

M'chaka cha 1993 Octavia Butler, mayi wakuda wa ku Amereka, adatulutsa buku lotchedwa Parable of the Sower. Nkhani yake ikuchitika m'chigawo cha California kuyambira 2024 mpaka 2027, zaka zimene pa nthawiyo zinkaoneka zakutali. Wofotokoza nkhaniyo ndi mtsikana, Lauren Olamina, mwana wa mbusa, amene akukhala m'dera lozingidwa ndi linga pafupi ndi mzinda wa Los Angeles. M'dziko la Lauren nyengo idasokonekera, madzi ngodula kuposa petulo, ndipo apolisi sabwera ngati ulibe chowalipira. Kunja kwa linga kwadzaza anthu osowa pokhala, mbava ndi ootcha nyumba. Boma lilipo, koma mtsogoleri wake watsopano akuti ntchito zidzachuluka pokhapokha malamulo oteteza antchito ataimikidwa kaye.

M'dziko loterolo muli tauni ya m'mphepete mwa nyanja yotchedwa Olivar. Nyanja ikukwera ndi kukokolola gombe, ndipo eni tauni alibe ndalama zodzitetezera. Kenaka kukubwera kampani yaikulu yotchedwa KSF, imene ikutenga tauni yonse m'manja mwake. Kampaniyo ikulonjeza kukulitsa fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, kupereka ntchito, chakudya ndi alonda. Malipiro ake ngochepa, ndipo ena akuitanidwa kukagwira ntchito yongolandira pogona ndi chakudya. Kwa a Lauren kukubuka kusiyana maganizo. Mayi ake omupeza akufuna kupita, poti kumeneko ana angagone tulo osamva kulira kwa mfuti. Bambo ake akukana, pakuti akuona kuti malipirowo sangakwanire banja, ndi kuti munthu akangoyamba kukongola kwa mwini tauni sadzatulukamonso. Banja lina loyandikana nawo, la a Garfield, likulembetsa, ndipo galimoto ya kampani ikudzalitenga.

Chimene bamboyo ankaopa tikuchiona pa mayi wina wotchedwa Emery, amene Lauren akukumana naye pamsewu linga lawo litagwa. Emery ndi mwamuna wake ankagwira ntchito pa famu ina. Famuyo itagulidwa ndi kampani yaikulu ya zaulimi, antchito adayamba kulipidwa ndi timapepala ta kampani m'malo mwa ndalama za boma, ndipo timapepalato tinkagwira ntchito m'sitolo ya kampani mokha. Zisakasa zogonamo zidaikidwa lendi, madzi akumwa ankagulitsidwa, ndipo malipiro sankafika pa mtengo wa zonsezi. Wantchito wokhala ndi ngongole sankaloledwa kuchoka. Ankatha kumuwonjezera maola, kumulanga, ngakhale kumugulitsa kwa olemba ntchito ena. Mwamuna wa Emery adadwala namwalira wosaonedwa ndi dokotala, ndipo ngongole yake idagwera mkazi ndi ana. Tsiku lina ana ake awiri aamuna adatengedwa osatsazika. Atafunsa za iwo, adaopsezedwa kuti amulandanso mwana wamkazi wotsalayo. Emery adatenga mwanayo nathawa, ngongole ili chilembedwere m'buku.

Tisanaweruze mayiyu, tiyeni tione kaye momwe msampha wotere umagwirira, pakuti ambiri amaganiza kuti wogwa m'ngongole ndi waulesi kapena womwaza chuma. Tiyerekeze kuti wantchito amalandira timapepala 100 pamwezi. Nyumba amamulipitsa 35, madzi 15, chakudya cha banja lake 50, ndipo zida zogwirira ntchito, zimene ayenera kugula m'sitolo yomweyo, 10. Zonse pamodzi zakwana 110. Munthuyu samwa mowa, satchova juga, sadajombepo ngakhale tsiku limodzi, koma pakutha pa mwezi ali ndi ngongole ya 10. Pakutha pa chaka yafika 120, kuposa malipiro a mwezi wathunthu. Pakutha pa zaka 10 yafika 1,200, amene ndi malipiro a chaka chonse, ndipo apa sitidawerengere chiongoladzanja, matenda kapena maliro. Akalimbikira ntchito, zida zimatha msanga ndipo thupi limafuna nsima yambiri, kotero kuti khama lake lomwe likukulitsa ngongole. Akapempha kuti amukwezere malipiro, bwana angathe kuvomera ndi nkhope yosekerera: lero malipiro afika 110, mawa ufa wakwera mtengo m'sitolo.

Chinsinsi chake nchakuti makiyi onse ali m'thumba la munthu mmodzi. Iye ndiye amatchula mtengo wa thukuta lako, iye yemweyo ndiye amatchula mtengo wa ufa umene ugule, buku la ngongole limagona m'kabati mwake, ndipo mlonda wa pachipata amadya za iye. Kumsika wamba, wogulitsa akadulitsa umasunthira pa benchi ina. Pantchito wamba, bwana akakupondereza umatsazika. Koma pamene sitolo ili imodzi ndipo chipata nchotseka, masamu amatuluka monga mwini wafunira.

Zimenezi si zopeka zokhazokha; zidachitikapo m'dziko la Butler lomwelo. M'migodi ya malasha ya ku West Virginia, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, antchito ambiri ankagona m'nyumba za kampani ndi kulandira timapepala togulira m'sitolo ya kampani, ndipo wonyanyala ntchito ankatha kutulutsidwa m'nyumba pamodzi ndi banja lake. M'zaka za m'ma 1880 George Pullman, wopanga mabogi a sitima zapamtunda, adamangira antchito ake tauni pafupi ndi Chicago, ya nyumba za njerwa ndi misewu yaukhondo, imene alendo ankabwera kudzaisirira. Malonda atalowa pansi mu 1893, iye adadula malipiro, koma lendi idakhala pomwepo. Mu Meyi 1894 antchito adanyanyala, kunyanyalako kudafalikira m'njanji za dzikolo, boma lidatumiza asilikali ndipo mwazi udakhetsedwa.

Koma nkhani imene ikukhudza funso lathu kwenikweni ndi ya Alonzo Bailey, munthu wakuda wa ku Alabama. Mu Disembala 1907 adalandiriratu madola 15 kwa kampani ina, nalonjeza kugwira ntchito pa famu chaka chathunthu pa madola 12 pamwezi. Atagwira mwezi umodzi ndi masiku ochepa adaleka asanabweze ndalamazo. Lamulo la ku Alabama linkati wochita zotere aziyesedwa kuti adali ndi mtima wakuba kuyambira pachiyambi, ndipo sankaloledwa kufotokozera bwalo chimene chidali mumtima mwake. Bailey adagamulidwa kulipira chindapusa cha madola 30 ndi zolipira bwalo, apo ayi akagwire ntchito yakalavulagaga masiku 136. Mlanduwo udakafika ku bwalo lalikulu la dziko lonse, limene mu Januwale 1911 lidagamula kuti lamulolo linkabweza mozembera ntchito yokakamiza imene idaletsedwa pamodzi ndi ukapolo mu 1865. Oweruza awiri sadagwirizane nacho chigamulocho. Mmodzi wa iwo, Oliver Wendell Holmes, katswiri wotchuka wa malamulo, adaona kuti kuswa pangano nkulakwa, ndi kuti boma likaopseza munthu kuti achite chimene adalonjeza yekha, silidamusandutse kapolo.

Maganizo a Holmes si oyenera kuwataya kudzala, chifukwa ndi omwe aja tidaphunzira kwa makolo athu. Tiyeni tiilole kampani ya ku Olivar idziyankhire. Ikhoza kunena chonchi: "Sitidagwire munthu ndi goli. Tidalengeza ntchito, anthu adalembera okha, adawerenga pangano nasaina. Kunja kwa mpanda wathu anthu akuphana chifukwa cha botolo la madzi, pamene kuno ana akugona atadya. Fakitale ya madzi tikuiyendetsa ndi ndalama zathu, ndipo alonda timawalipira ndife. Walira mvula walira matope. Ngati aliyense aloledwa kutaya pangano likayamba kuwawa, ndani adzakongozenso mmphawi?" Mawu otere ali ndi owaikira kumbuyo amphamvu. Thomas Hobbes, woganiza mozama wa ku Mangalande, adalemba mu 1651 kuti pangano lopangidwa chifukwa cha mantha limamangabe munthu, malinga palibe lamulo lomumasula.

Poyankha, tiyambe ndi kufunsa chimene chimachititsa ngongole kukhala ngongole. Wokongoza weniweni amalakalaka tsiku lobwezeredwa. Mwini golosale amene wakukongoza sopo ndi mchere amadikira kutha kwa mwezi, ndipo ukamulipira amafafaniza dzina lako mokondwa. Bwana wa Emery ndi wosiyana. Tsiku limene iye angaliope koposa ndi limene mayiyo angafike ndi timapepala tokwanira kutseka tsamba lake, chifukwa tsikulo wataya wantchito. Chimene akufuna ndi munthuyo, ndipo bukulo ndi chingwe chomugwirira. Ngongole imene mwini wake safuna kuti ibwezedwe yangobwereka dzina. Kuba kwa mayina kotere ife tikukudziwa: mawu akuti thangata kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, kufikira eni minda a ku mapiri a Shire adawatenga nawaveka ntchito yokakamiza imene munthu ankalipirira malo okhalapo.

Nchifukwa chake pangano la mayiko limene lidapangidwa ku Geneva mu 1956, pansi pa bungwe la United Nations, lidaika ukapolo wa ngongole pamodzi ndi miyambo ina yofanana ndi ukapolo. Panganolo lidatchula zizindikiro zake momveka. Munthu wapereka ntchito yake, kapena ya wina amene ali m'manja mwake, ngati chikole cha ngongole. Koma mtengo weniweni wa ntchitoyo sukuchotsedwa pa ngongoleyo, kapena kutalika kwa ntchitoyo ndi mtundu wake sizidatchulidwe. Onani kuti panganoli silifunsa ngati munthuyo akumenyedwa, kapena ngati nyumba yake njabwino. Limafunsa ngati chinthucho chili ndi mapeto, ndiponso ngati chikuwerengedwa moona. Anthu akale adaziona kale zimenezi. Chilamulo cha Mose chidaletsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole, poti banja lolandidwa mphero lilibe popera chakudya, ndipo chidalamula kuti ngongole za pakati pa Aisraeli zizikhululukidwa chaka chachisanu ndi chiwiri. Ku Athens, pafupifupi chaka cha 594 Yesu asanabadwe, Solon adaletsa kukongoza munthu pogwira thupi lake ngati chikole.

Nanga za kuvomera kuja? Apa mpamene pagona nkhani, ndipo tikhalepo pang'ono. Tiyerekeze kuti madzi asefukira kuchigwa. Mayi wakwera mumtengo mwana ali kumbuyo, ndipo madzi afika m'nthambi za m'munsi. Pakubwera mwini bwato, nanena kuti awaolotsa ngati mayiyo adinda chala kuti iye ndi mwana wake adzalima m'munda mwake kufikira mwiniyo atanena kuti kwakwana. Mayiyo akudinda. Palibe amene wanama. Mwini bwato si amene adagwetsa mvula, ndipo nzoona kuti popanda iye anthu awiriwo akadamira. Kodi madzi akaphwa, nkhaniyi itapita ku bwalo la mfumu, akuluakulu angagamule chiyani? Ndikhulupirira kuti angati mayiyo alipire mtengo wa ulendowo, ndipo mtengowo ukhale wokwererapo popeza mwini bwato adaika moyo wake pachiswe. Angatinso mayiyo akhale wothokoza. Koma palibe nduna yanzeru imene ingavomereze kuti mphindi zochepa za kupalasa zagula moyo wonse wa anthu awiri. Chala chidali cha mayiyo, koma amene adachidinda ndi madzi.

Kusiyana kwake kuli pakati pa kulipitsa munthu ndi kumutenga. Tsoka la mnzako lingakupatse mwayi wa malonda, ndipo dziko limalola zimenezo mpaka pena pake. Wogulitsa maambulera amadya bwino m'dzinja. Koma pali mzere umene kuvomera sikungawolotse munthu. Jean-Jacques Rousseau adaphunzitsa mu 1762 kuti pangano lopatsa mbali imodzi ulamuliro wonse, ndi mbali inayo kumvera kopanda malire, ndi lopanda pake. John Stuart Mill, amene mu 1859 adaumirira kwambiri kuti munthu wamkulu asiyidwe kusankha yekha ngakhale zomupweteka, adaima atafika pa nkhani yodzigulitsa kuukapolo. Chifukwa chake nchomveka. Timalemekeza pangano popeza timalemekeza ufulu wa munthu wosankha yekha. Tsono pangano limene ntchito yake ndi kuthetsa kusankha konse kwa mtsogolo silingabisale kuseri kwa ufulu womwewo. Ngati a Garfield atalowa mu Olivar chipata chikhalabe chotsegukira iwo, ndiye kuti apeza ntchito ya malipiro ochepa, monga apezera anthu ambiri. Ngati chipata chitsekedwa ndi buku la ngongole, kusaina kwawo kudali kusankha kwawo komaliza.

Pa nkhani ya ana, mawu a kampani alibe poimira mpang'ono pomwe. Mwana sadawerenge pangano, sadadinde chala, ndipo mwina adali asanabadwe. Ngongole ya womwalira ingalipidwe kuchokera pa chuma chimene wasiya, koma mwana si chuma chamasiye. Buku lachiwiri la Mafumu likusimba za mkazi wamasiye amene adathamangira kwa Elisa chifukwa wokongoza ankabwera kudzatenga ana ake awiri, ndipo mneneriyo adamuthandiza kuti ana asapite. Zoterezi sizidathere m'Baibulo. Ku Pakistan mnyamata wotchedwa Iqbal Masih adaperekedwa ali wamng'ono kwa mwini malo oombera makapeti chifukwa cha ngongole ya banja lake, ndipo ngongoleyo inkakula iye akugwira ntchito. Adathawa mu 1992, chaka chimene dzikolo lidakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo wa ngongole, nayamba kulankhula m'malo mwa ana anzake, kufikira adaphedwa ndi mfuti mu Epulo 1995. Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Mwambiwu timakonda kuutchula pokakamiza munthu kusunga mawu ake, koma palibe amene amatama Herode chifukwa chosunga lonjezolo. Emery akadakhala phee kuti asunge pangano, mtengo wake ukadakhala mwana wake wachitatu.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa koposa mu msampha umenewu, ndicho chakuti umagwira bwino anthu okhulupirika. Tambwali akakongola sagona pafamu. Amathawa usiku woyamba. Amene amakhala zaka ndi zaka ndi uja adaleredwa kuti asadye za mwini, woopa kuti kwawo akamva zoti adathawa ngongole. Kapolo wa goli ankadziwa kuti walakwiridwa, ndipo mwini wake ankafunika alonda omuyang'anira. Kapolo wa ngongole amadziyesa wolakwa iye mwini, ndipo manyazi ake amagwira ntchito ya mlonda osalandira malipiro. Bwana wotere akutenga khalidwe labwino la munthu nalipota chingwe chomumangira. Ndiye poti titchule mbala m'nkhaniyi, tiyang'ane bwino. Ntchito ya Emery ndi ya mwamuna wake itawerengedwa pa mtengo woona, ndipo ufa ndi madzi zitawerengedwanso pa mtengo woona, dzina loyenera kukhala m'buku la ngongole ndi la kampani. Mayiyo sadathawe ndi cha mwini. Adapulumutsa chake chimene chidatsala.

Izi sizikutanthauza kuti mafunso onse atha. A Garfield sitingawadzudzule. Kholo limene lamva mfuti usiku uliwonse likasankha mpanda, lasankha monga tikadasankhira ambiri a ife, ndipo m'bukumo dera limene iwo adalisiya lidaotchedwa patangopita miyezi, anthu ambiri naphedwa. Olivar nayo sitingangoti igwetsedwe, pakuti madzi akumwa akuchokera komweko. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nzoonanso kuti wokongoza akaletsedwa kugwira munthu chikole, amphawi ena adzamanidwa ngongole imene akadaipeza. Umenewu ndi mtengo weniweni, ndipo wolipira ake ndi amphawi omwewo. Koma tisaiwale kuti kampani ya mtundu wa KSF imadyera pa kuipa kwa kunja. Kunjako kukaopsa kwambiri, ofuna kulowa amachuluka ndipo malipiro amatsika, kotero kuti kampaniyo ilibe chifukwa chofunira kuti msewu ukhale wamtendere. Mwini bwato amene amalemera ndi antchito a chigumula sangasonkhe nawo ndalama zomangira mlatho. Kunena kuti Olivar iposa msewu nkunena zoona, koma muyeso wake ndi wachinyengo, chifukwa pafupifupi chilichonse chiposa imfa.

Mankhwala amene mayiko adapeza ndi osavuta kuwamvetsa: kuchotsa makiyi aja m'thumba limodzi. Ku Britain lamulo la 1831 lidalamula kuti antchito a m'mafakitale ndi m'migodi yambiri azilipidwa ndi ndalama zenizeni, kuti akagule kumene afuna. Dziko la India lidathetsa ukapolo wa ngongole ndi lamulo la 1976, limene lidafafaniza ngongolezo. Koma lamulo limayenda pang'onopang'ono kuposa njala. Bungwe la International Labour Organization lidapeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 27.6 miliyoni padziko lonse ankagwira ntchito yokakamizidwa, ndipo ngongole ndi imodzi mwa zingwe zowamangira.

Kwathu kuno chithunzi cha Emery sichachilendo kwa aliyense wodziwa za matenanti a m'maesiteti a fodya. Banja linkatengedwa kutali, kawirikawiri kuchokera m'maboma a kummwera kupita ku Kasungu, Mchinji kapena Mzimba, ndalama zoyendera zili kale pa ngongole. Chaka chonse linkalandira phoso, mchere ndi fetereza zolembedwa m'buku la mwini esiteti. Fodya akauma, mwini yemweyo ndiye ankamusankha magiredi, kumuyesa pa sikelo ndi kutchula mtengo, kenaka nkuchotsera zonse za m'buku zija. Ena ankabwerera kwawo ndi njinga ndi wailesi, ndipo pali eni maesiteti amene ankawerengera moona. Koma ena ankauzidwa kuti atsala ndi ngongole, ndipo njira yokha yobwezera idali kulimanso chaka china, mkazi ndi ana akuthandiza kumunda ndi m'chigafa popanda malipiro awoawo. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 limaletsa ukapolo, ntchito yokakamiza ndiponso ntchito yomangirira munthu mofanana ndi ukapolo, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito kuti ithetse utenanti.

Pali munthu mmodzi amene sitidamutchule, chonsecho msampha wonse umadalira dzanja lake. Mwini kampani salemba yekha m'buku. Amalemba ndi kalaliki, munthu wophunzira, wodziwa kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Pambali pake pali woyang'anira sitolo amene amasintha mitengo, woyesa pa sikelo, ndi kapitawo wowerenga maola. Olivar inkafunanso anamwino ndi aphunzitsi. Ambiri a inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli pafupi kulemba mayeso a Fomu 4, ndipo malo amene angakugwereni m'nyumba yotere si a Emery ayi, koma a kuseri kwa zenera, cholembera chili m'manja. Kalaliki angathe kunena kuti iye amangolemba zimene wauzidwa, ndi kuti akakana adzalemba wina. Zimenezo zingakhale zoona, koma ndi iye yekha m'nyumbamo amene amaona mbali zonse ziwiri za tsamba. Iye amadziwa kuti thumba la ufa lidagulidwa zingati ndipo lalembedwa zingati. Amadziwa kuti munthu amene waima pazenerayo satha kuwerenga, ndi kuti adzakhulupirira nambala iliyonse imene auzidwe.

Zimene kalaliki angachite nzochepa, koma zilipo. Angathe kukana kulemba thumba limene silidatengedwe. Angathe kumuwerengera mwini ngongole tsamba lake mokweza, mzere ndi mzere, ndi kumupatsa kapepala kosonyeza zimene zalembedwa, kuti akaonetse mwana wake wa pasukulu. Oyendera za antchito akafika, angathe kutulutsa buku lenileni m'malo mwa lija losungira alendo. Chilichonse mwa izi chingamuchotsetse ntchito, ndipo mu tauni ngati Olivar kuchotsedwa ntchito ndi kutulutsidwa kunja kwa mpanda pamodzi ndi ana. Nayenso kalalikiyo amagona m'nyumba ya kampani ndi kugula ufa m'sitolo yomweyo, ndipo dzina lake lili m'buku lomwelo, masamba angapo kutsogolo kwa la munthu amene waima pazenera kufunsa kuti yatsala ingati.